Thovu la Anthu Awiri

Wokonza mawotchi uja anakumana ndi mkazi wake m'madzi, ndipo nkhaniyi ankaikonda kuposa mmene omvera ankaikondera. Linali tsiku Loweruka pa dziwe losambiramo la sukulu ina, pamene kalabu ya ojambula zithunzi pansi pa madzi inkaphunzitsa anthu atsopano. Panabwera nesi wina wamtali amene ankaopa ngakhale kumiza mphuno. Wokonza mawotchiyo, amene anzake ankamutcha Chule chifukwa pamtunda ankayenda modzikoka koma m'madzi kunali kwawo, anam'gwira dzanja n'kutsika naye pang'onopang'ono mpaka pansi. Chisanathe chaka anakwatirana.

Kalabuyo sinali ya anthu otchuka. Wapampando anali mphunzitsi wopuma pantchito, panali dalaivala wa basi, ogulitsa m'masitolo angapo, ndi mlembi, mayi wina amene onse ankamutcha Wailesi chifukwa pakamwa pake pankangotsekeka akaluma paipi ya mpweya. Loweruka lililonse ankapita ku mgodi wakale wa miyala kunja kwa tauni, umene unadzala madzi oyera. Pansi penipeni panali chigalimoto chomira chimene nsomba zinachisandutsa nyumba. Lamulo lalikulu linali lakuti palibe wotsika yekha. Ankatsika awiriawiri, ndipo mpweya ukam'thera mnzako unkam'patsa paipi yachikasu, imene aliyense ankakhala nayo yapadera pa silinda yake ya mpweya.

Chule ndi a Nesi ankatsika limodzi kwa zaka zisanu ndi zinayi. Mpikisano wa zithunzi wa pachaka Chule anaupambana katatu, ndipo zithunzizo anazipachika m'shopu mwake pakati pa mawotchi a makasitomala. Amene ankabwera kudzasinthitsa batire ankachoka atamva mbiri ya nsomba iliyonse, afune asafune.

Kenaka khutu linamuukira Chule. Anatsika tsiku lina ali ndi chimfine, akudziwa bwino kuti n'zoletsedwa, ndipo nembanemba ya m'khutu lamanzere inang'ambika. Dokotala sanazungulire: kumira basi, kwatha. Chule anapita kwa dokotala wachiwiri, yemwe ananena zomwezo m'mawu aatali.

Anzake anam'mvera chisoni n'kum'patsa ntchito ya pamlatho, kamlatho ka matabwa komwe ankadumphirapo. Iye ndiye ankalemba nthawi yotsikira ndi yotulukira, ndipo munthu aliyense asanadumphe, Chule ankamenya silinda yake kawiri ndi chikhatho, kutanthauza kuti pita bwino. Analembanso yekha lamulo pa bolodi: wa pamlatho sagwira valavu yotsegulira mpweya pa silinda ya munthu, valavu ndi ya mwiniwake ndi mnzake wotsika naye. Onse akatsika, ankatsala yekha ndi kope lake, akuyang'ana thovu likutumphuka pamadzi. Zinkamuwawa kwambiri. Munthu amene anaphunzitsa theka la kalabu anasanduka mlonda wa nsapato ndi matawulo.

A Nesi anafuna kusiya nawo. Chule anakana yekha.

“Musasiye chifukwa cha ine. Kodi khutu langa ndi lanu?”

Ananena mawuwa ndi pakamwa pokha, mtima ukufuna kuti mkaziyo aumirire kusiya. Amuna ena ndi otero: amakutsegulira chitseko n'kukwiya kuti watuluka.

Wapampando anapatsa a Nesi mnzawo watsopano, dokotala wa mano amene anangolowa kumene m'kalabu. Ankamutcha a Mano. Anali munthu waulemu, wosakwatira, ali ndi kamera imene Chule ankangoiona m'magazini. M'madzi anali wamantha pang'ono, ndipo n'chifukwa chake anam'patsa a Nesi, amene sankatekeseka ndi kanthu. Kuyambira pamenepo Chule anaphunzira kuwerenga thovu. Ankadziwa la mkazi wake, laling'ono, lotuluka modekha, ndi la a Mano, lambiri, lopupuluma. Thovu liwirilo likatalikirana ankapuma bwino. Likaphatikizana n'kukhala limodzi, pensulo inkathyoka m'manja mwake.

Chaka chimenecho mpikisano anapambana ndi a Mano. Chithunzi chawo anachionetsa pa khoma la holo ya sukulu: a Nesi akuyandama pamwamba pa chigalimoto chija, kuwala kukutsika pamapewa awo, maso akumwetulira kuseri kwa magalasi a m'madzi. Anthu anaomba m'manja. Chule sanaone kuwala, sanaone chigalimoto. Anangoona masowo, amene ankaganiza kuti amayang'ana iye yekha motero.

Wailesi anam'peza pa tebulo la zakumwa.

“A Chule, muli ndi mtima wabwino inu. Amuna ena sakanalola.”

“Kulola chiyani?”

“Aa, palibe. Kungoti awiriwa amayeserera kupatsana mpweya Loweruka lililonse, maso ndi maso, ngati kuti mayeso ake satha. Ndipo Lachitatu lija ndinaona akazi anu akutuluka ku chipatala cha mano. Mwina dzino likuwavuta. Ine sindinanene kanthu.”

Wailesi sanali munthu woipa. Anali munthu woti nkhani ikakhala m'kamwa mwake imamuyabwa. Koma mawu otere akagwera mumtima womwe wayamba kale kuola, samera china koma nsanje.

Lachitatu lotsatira Chule anatseka shopu masana, kasitomala akugogoda pagalasi, n'kukaima kuseri kwa galimoto ina moyang'anana ndi chipatala cha mano. Nthawi ya nkhomaliro mkazi wake anafika ali mu yunifolomu, analowa, ndipo anatha mphindi makumi awiri. Potuluka a Mano anam'perekeza mpaka pakhomo, akuseka, akumuonetsa kanthu pa foni.

Atafika kunyumba madzulo anam'peza akutsuka magalasi ake a m'madzi pa sinki.

“Dzino liti likukuwawa?”

A Nesi anatembenuka. Anali asanamvepo mwamuna wawo akuwalankhula choncho.

“Bwanji, bambo?”

“Ndakufunsa. Yasamula ndione dzino limene limawawa Lachitatu lokhalokha.”

“Mwayamba kunditsatira tsopano?”

“Ndinakuphunzitsa ndine kumira. Unkaopa madzi a m'beseni iwe. Lero ndasanduka wosunga nsapato zako pamene uli pansi ndi mwamuna wina mukupumirana.”

“Munakana ndinu kuti ndisiye.”

“Ndiye unakondwa kuti ndakana.”

A Nesi anaika magalasi pansi mofatsa. Maso anali atadzala misozi, koma mawu sanagwedezeke.

“Pali chinthu chimene ndikukonza, ndipo si choipa. Ndikakuuzani lero n'kulephereka, mudzapwetekanso mtima ngati mmene munachitira kwa dokotala wachiwiri uja. Dikirani mpikisano wina ukubwerawu, wa pa mgodi, udutse. Zaka zonsezi, bambo, simungandikhulupirire masabata awiri?”

Pamenepo mpomwe munthu wanzeru akanakhala pansi n'kufunsa bwinobwino. Chule anamenyetsa chitseko n'kukakhala m'shopu mwake, pakati pa mawotchi makumi anayi amene ankagunda ngati akumuseka. Masabata awiriwo sanalankhule ndi mkazi wake koma za mchere ndi makiyi.

Tsiku la mpikisano wa pa mgodi linafika, kunja kuli dzuwa. Awiri aliwonse anapatsidwa mphindi makumi anayi kuti akajambule m'kati mwa chigalimoto, pamalo ozama kwambiri pa mgodi wonse. Pamlatho panali piringupiringu. A Nesi anayendera zida za a Mano monga mwa lamulo: anakoka malamba, anatsegula valavu mpaka kumapeto, anayang'ana geji ya mpweya. Pomaliza anawawongolera lamba wa magalasi kuseri kwa khutu, a Mano n'kumwetulira. Chule anaziona zonse.

Ankadziwa chinthu chimodzi chimene atsopano sachidziwa msanga. Valavu ikakhala yotsegula pang'ono chabe, pamtunda munthu amapuma bwinobwino, koma akafika pozama mpweya umayamba kukana, ngati ukuyamwa m'botolo lotseka. Anadziuza kuti akufuna kungom'chititsa manyazi: abwerere kumtunda ali wefuwefu, opanda chithunzi, kalabu yonse ione kuti katswiri wawo ndi mwana. Anadziuzanso kuti paipi yachikasu ilipo. Munthu akafuna kuchita choipa sasowa mawu odzitonthoza nawo.

A Mano anaima m'mphepete mwa mlatho. Chule anafika kumbuyo kwawo, dzanja lake, lovala mawotchi awiri monga mwa nthawi zonse, linapotoza valavu mwachangu osamveka, kenaka anamenya silinda kawiri.

“Zikomo, achimwene,” anatero a Mano, n'kudumpha.

A Nesi anadikira kuti nawo amenyedwe silinda. Chule anamenya osawayang'ana.

Kwa mphindi khumi thovu liwiri linayenda limodzi kulowera pakati pa mgodi. Chule anagwira wotchi, akudikira mutu wa a Mano kuti utumphuke. Mwadzidzidzi madzi anawira pamalo amodzi ngati poto, thovu losasiyanitsika, lambiri. Kenaka a Mano anatulukira okha, magalasi atachoka, magazi ali m'mphuno, akukuwa mawu osamveka.

Zimene zinachitika pansi zinadziwika pambuyo pake. Mpweya unawathera a Mano ali m'kati mwa chigalimoto. Mantha anawaiwalitsa zonse zimene ankayeserera Loweruka lililonse. Sanatenge paipi yachikasu imene a Nesi ankawapatsa, anatsomphola ya m'kamwa mwa a Nesi, n'kuwagwetsa magalasi ndi chigongono. Matope anavunduka, kunada. A Nesi anakankhira a Mano kunja pa chitseko, koma iwo eni mapaipi awo anakodwa pa chitsulo.

Chule anadumphira m'madzi ndi zovala zomwe. Anamira ndi mpweya wa m'chifuwa, khutu linalasa ngati msomali, dziko linazungulira, ndipo madzi anamulavulira kumtunda. Anayesanso kawiri. Munthu amene ankaudziwa mgodiwo ngati shopu yake analephera kufika ngakhale theka la njira. Amene anakamutulutsa mkazi wake anali dalaivala wa basi ndi wapampando, ndipo anayesa zonse zimene a Nesi omwewo anawaphunzitsa, koma anali atapita.

Pamaliro anthu ankaloza a Mano, ndipo Chule anawalekerera. Apolisi anapeza valavu ya a Mano ili pafupi kutsekeka, anthu n'kumati dokotalayo anaiwala kutsegula. Koma ojambula a m'madzi ali ndi chizolowezi chawo: asanadumphe, aliyense amajambula chithunzi choyesera, chilichonse chimene chili patsogolo pake, kuti aone ngati kamera ndi nyali zake zikugwira. Zithunzi zimenezi palibe amaziyang'ana kawiri. Patatha sabata, Wailesi anakhala pansi kuti afufute zosafunika m'kamera yake. Pa chithunzi chake choyesera panali phazi lake, chidebe, ndipo pakona, msana wa a Mano ndi dzanja lovala mawotchi awiri litagwira valavu. M'tauni yonse munthu wovala mawotchi awiri anali mmodzi, Chule. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake Wailesi sanauze mnzake aliyense. Anapita ku polisi akulira.

M'khoti anawerenga lamulo lija la pa bolodi, lolembedwa ndi dzanja la Chule yemwe. Kenaka anaitana a Mano, amene anali ataonda ngati wodwala. Loya anawafunsa chimene malemu ankakachita kwawo Lachitatu lililonse.

“Mlamu wanga ndi dokotala wa makutu ku chipatala chachikulu cha kutali,” anayankha. “Mayiwa ankabweretsa mapepala a amuna awo kuti ndiziwatumiza. Mlamu wanga anati khutulo likhoza kusokedwa, ndipo likapola angathe kumiranso atavala magalasi ophimba ndi makutu omwe. Tinaitanitsa magalasiwo. Anafika kutatsala masiku atatu kuti mpikisano uchitike. Mayiwa anati adzawapatsa amuna awo madzulo a tsikulo, pamodzi ndi kalata ya tsiku la opaleshoni. Ankati atopa kutsika ndi munthu wamantha ngati ine, akufuna mnzawo wakale.”

Anaika katoni patebulo, wapolisi n'kutulutsamo magalasi akuda okhala ndi tizibakuli tiwiri ta m'makutu. Chule anawayang'ana, ndipo anakhala pansi m'bokosi la oimbidwa mlandu osauzidwa.

Woweruza anati khoti lamva kuti sanafune kupha mkazi wake, koma pa anthu onse a pamlatho tsiku lija, iye ndiye ankadziwa bwino koposa chimene valavu yotseka imachita pansi pa madzi, ndipo ankadziwanso amene adzathamangire kupulumutsa. Anamulamula kukakhala kundende zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu.

Safunsa anadya phula. Chule anafunsa thovu, anafunsa chithunzi, anafunsa Wailesi, koma mkazi amene ankagona naye chipinda chimodzi atam'pempha masabata awiri okha, anam'mana. Nsanje inamuuza kuti akulanga mlendo, pamene paipi ya mlendoyo ndi ya mkazi wake zinali moyo umodzi, monga mwa lamulo limene iye mwini ankaphunzitsa ena.

Kalabu ija inatha chaka chomwecho, ndipo pa mgodi anamangapo mpanda. Kundende Chule amakonzera alonda mawotchi awo, ndipo amati ntchito yake ndi yabwino. Khutu lamanzere, limene analing'ambanso tsiku lija, silinapole. Limangolira phokoso la madzi usana wonse, ndipo akaidi anzake anazolowera kumuona ataima pa chidebe chochapira, akuyang'ana thovu la sopo mpaka lomaliza litaphulika.