Mzere Wofiira Wapita Kuti?

Kunyumba amanditchula Kachete. Sindiyankhula kwambiri. Anthu akandiyang'ana, mawu amandithawa.

Ndinali ndi mnzanga mmodzi. Mnzangayo anali mtengo. Unali pakhomo pathu, m'mbali mwa msewu. Ndikaweruka kusukulu, ndinkakhala pansi pake. Mtengo sufunsa mafunso.

Ndinkafuna chinthu chimodzi basi. Ndinkafuna mtengo wanga ukhale pomwepo.

Koma mtengowo unkadwala. Masamba ake anali achikasu. Nthambi zina zinali zouma gwa. Mitengo inanso ya mu msewu wathu inkadwala.

Lolemba kunabwera bambo wina. Ananyamula chitini cha penti. Ankayang'ana mtengo uliwonse. Akapeza wodwala, ankaulemba mzere wofiira.

Anafika pa mtengo wathu. Anaugogoda. Go! Go! Anapukusa mutu. Anaulemba mzere wofiira.

Ndinafunsa achimwene anga. "Achimwene, mzere uja ndi wa chiyani?"

"Mtengo wa mzere audula," anatero achimwene. "Kamutsanzikeni mnzanuyo, a Kachete."

Zinandikwiyitsa. 

Ndinatenga ndowa. Ndinakanda matope. Ndinamata pamzere paja. Pha! Pha! Matope anauma. Anafanana ndi makungwa. Mzere unasowa.

Lachiwiri kunabwera odula mitengo. Anabwera ndi lole ndi macheka. Ankadula mitengo ya mizere yokhayokha. Wathu anaudutsa.

Ndinamwetulira ndekha.

Lachitatu bambo wa penti anabweranso. Anaima pa mtengo wathu. Anakanda m'mutu.

"Aa! Mzere wanga wapita kuti? Kapena ndinaiwala?"

Analemba mzere wina. Anaulemba pamwamba pang'ono.

Ine ndinali pawindo. Ndinausa moyo. Bambo ameneyu satopa kodi?

Ndinatenga ndowa. Ndinakanda matope. Ndinakwera pampando. Pha! Pha! Mzere unasowa.

Amayi anaona mpando wawo. "Iwe Kachete! Mpando wa alendowu waponda ndani?"

Ndinayang'ana pansi.

"Ndikuyankhula ndi khoma ine," anatero amayi.

Lachinayi odula mitengo anadutsanso. Wathu sanaukhudze.

Lachisanu bambo wa penti anabweranso. Anazungulira mtengo kawiri. Anavula chipewa. Anachivalanso.

"Ayi, ayi, ayi! Mzere wanga wapita kuti? Mtengo umadya penti kodi?"

Anapita. Anabwera ndi makwerero. Anakwera. Analemba mzere wonenepa, pamwamba penipeni.

Ndinaluma mano. Mpando sukanafika pamenepo.

Ndinatenga ndowa. Ndinakanda matope. Ndinatenga tsache lalitali la amayi. Ndinaliviika m'matope. Pha! Matope ena anandigwera kumaso. Pha! Ena anandilowa m'khutu. Koma mzere unasowa.

"Kaya tsache langa ladya chiyani," anatero amayi. "M'nyumba muno mundipengetsa!"

Loweruka m'mawa amayi ankachapa pansi pa mtengo. Sopo anawathera. Anadzuka kukatenga wina m'nyumba.

Mphepo inawomba.

Thyo!

Nthambi yaikulu inagwa. Inagwera pomwe amayi anali atakhala. Beseni linasweka pakati. Madzi anangoti mbwee mumsewu.

Mtima wanga unagunda. Di! Di! Di!

Amayi anatuluka akuthamanga. Nthawi yomweyo bambo wa penti ankadutsa ndi chitini chake.

"Inu bambo!" amayi anakuwa. "Taonani izi! Mitengo ya anzathu mwadula. Wathuwu mwausiyiranji? Mukufuna uphe munthu?"

"Mayi, mtengo umenewu ndaulemba katatu."

"Katatu? Nanga mzere uli kuti?"

Bambo uja anayang'ana mtengo. Mzere panalibe.

Aneba anasonkhana.

"Ndi waulesi ameneyu," anatero mmodzi.

"Pentiyo akukapaka nyumba yake!" anatero wina. Anthu anaseka.

Bambo wa penti anatsegula pakamwa. Mawu sanatuluke. Anayang'ana pansi.

Ine zimenezo ndimazidziwa. Zimawawa.

Ndikayankhula, mtengo wanga audula. Ndikakhala chete, ugwetsa nthambi ina. Mwina tsiku limenelo amayi sadzakhala atachokapo.

"Ndine," ndinatero.

Palibe anamva.

"Ndine!"

Onse anacheuka. Maso onse anali pa ine. 

Ndinatola kamtengo. Ndinapala matope. Mzere woyamba unaoneka. Ndinaloza pamwamba pake.

"Wachiwiri uli apo. Wachitatu uli pamwamba apo. Ndinamata matope. Sindinkafuna mudule."



Amayi anagwira m'chiuno. "Mwana iwe! Kuyankhula ayi, koma zochita zakezo!"

Achimwene anaseka mpaka kukhala pansi.

Amayi anatembenukira kwa bambo wa penti. "Pepani, bambo. Ndakulakwirani pagulu."

"Pepani," nanenso ndinatero.

Bambo uja anapukuta thukuta. "Mwanawe, wandivutitsa. Sabata yonse ndimayesa mutu wanga wasokonekera."

Kenako anandikodola. "Tabwera. Pisa dzanja apa."

Panali bowo pomwe panathyoka khungwa. Ndinapisa dzanja. Mkati munali mofewa. Ndinatulutsa zinthu zonyowa, zonunkha.

"Waona?" anatero. "Mkati mwaola. Mtengowu watopa. Tikausiya, upatsira ina ya mu msewu uno."

Ndinagwedeza mutu. 

Lolemba odula mitengo anabwera. Anayamba ndi nthambi zapamwamba. Ankazitsitsa ndi chingwe. Macheka ankalira kwambiri. Ndinatseka makutu. Ndinalira pang'ono. Achimwene anaona, koma sanandiseke.

Anazula chitsa. Anachotsa dothi lakale. Anathira dothi latsopano.

Bambo wa penti anabwera ndi kathumba kakuda. M'kathumbamo munali kamtengo. Kanali ndi masamba asanu ndi limodzi. Kankandilekeza m'bondo.

"Nanga mtengo uli kuti?" ndinafunsa.

"Ndi umenewu."

"Kameneka?"

"Kameneka. Bwera, ubzale ndiwe."

Ndinakaika m'dzenje. Ndinakwirira. Ndinatsendera dothi ndi manja. Tinazika timitengo tinayi mozungulira, kuti anthu asakaponde.

M'mawa uliwonse ndinkakathirira. M'mawa uliwonse ndinkakayeza ndi lula. Sikankasintha.

Tsiku lina madzulo tonse tinali pakhomo. Ndinaponya lula pansi.

"Amayi, kamtengoka kakula liti?"

"Patenga zaka."

"Zaka?"

Achimwene anagona chagada pafupi ndi kamtengo kaja. Anasendeza mutu pansi pa masamba.

"Usadandaule, Kachete. Mthunzi ulipo. Wandikwanira khutu limodzi."

Amayi anaseka mpaka misozi. Anandikokera pafupi. Anandisisita m'mutu.

"Iwenso unabwera kakang'ono chonchi," anatero. "Ife tinadikira."

Ndinayang'ana kamtengo kaja. Pansonga pake panali katsamba katsopano, kopindika.

Ndinakathira kapu ina ya madzi.

"Chabwino, ndidikira," ndinakauza. "Koma ufulumireko."