Lupanga Lonyowa la ku Kure

Ndakhala ndikunola malupanga ndi kuwayesa zaka zake kuno ku Kure, tauni yapadoko, kwa moyo wanga wonse. Chimwalirireni mkazi wanga, ndimadyera m'shopu momwemo, ndekha.

Madzulo ena ozizira, nditangothira tiyi, wina anagogoda. Kawiri, pang'onopang'ono.

Anali mwamuna wa zaka ngati makumi atatu, atavala chikhoti chakuda. Anawerama mwaulemu wachikale, uja ndinauona komaliza kwa bambo anga. M'manja munali lupanga.

"Pepani bambo, ndakusokonezani. Tandionereniko ili."

Ndinaligoneka pansalu. Chimake chinali chakuda, cha chikopa cha nsomba, chokhala ndi mphete ziwiri zokolekera. Lupanga la akuluakulu a nkhondo yapanyanja. Ndaonapo ambiri, ana akamachotsa katundu m'nyumba za makolo.

Ndinazula kamsomali kansungwi, chigwiriro n'kuvuka. Chitsulo chobisika m'menemo ndicho sichinama. Panali chidindo cha nangula, ndi zilembo za wosula: chaka cha 1943. Koma chitsulo cha nthawi imeneyo, ngakhale chija chosachita dzimbiri, chimakhala chitathimbirira. Ichi chinali mbee, ngati chosulidwa dzulo. Ndiponso chinali chonyowa.

Ndinalawa chala. Mchere.

"Ndi la mu 1943," ndinatero. "Mwalitenga kuti?"

"Chakacho ndikuchidziwa. Ndinalilandira ndi manja angawa." Anandiyang'ana. "Ndikufunsa kuti lakhala zaka zingati."

Pomwe anaimapo, madzi anali kuyenderera pansi. Kunja kunalibe mvula.

Pantchito yanga sindinanamizepo munthu.

"Zapitirira makumi asanu ndi atatu."

Mlendo uja anayang'ana lupangalo.

"Ndiye kuti wokondedwa wanga Tomie anasiya kudikira," anatero motsitsa mawu.

Ndinafuna kumuuza kuti akhale pansi, timwere limodzi tiyi. Koma iye anabwezeretsa chigwiriro, n'kuwerama, n'kutuluka. Mapazi ake pamsewu sindinawamve.

M'mawa ndinawafotokozera Mayi Hamasaki, ogulitsa tofu, chakudya cha soya, pafupi nane. Anaika mpeni pansi.

"Munamuyankha? Aa, a Kuramoto inu!" Anayang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona. "Ameneyo wakhala akuyenda kwa onola malupanga onse a m'tauni muno, chiyambire ine ndili mtsikana. Aliyense ankangoti sakudziwa, ayese kwa wina."

"Ankamuopa?"

"Ayi. Ankamumvera chisoni. Bola ankakhala ndi khomo lina loti akagogode."