Kapu ya Esitere

Mtembo unapezeka Lachinayi, nthawi ili 6:40 m'mawa, m'manda akale kuseri kwa tchalitchi cha njerwa kumtunda kwa Chia. Anauona ndi amayi awiri opita ku mpunga. Pamene Inspekitala Abdulwahab Kalilu amafika, anthu anali ataima kunja kwa mitengo, chifukwa m'manda salowamo chisawawa.

Womwalirayo anali Maganizo Kamanga wa ku Dwangwa, wojambula zithunzi, wa zaka 34. Anagona chagada, nkhongo itasweka pa ngodya ya chiliza. Kamera panalibe. Pafupi ndi khoma la tchalitchi, pomwe dzuwa limawomba, panali kamtanda kamtengo ndi kapu yachitsulo yobooka kunsi, ngati zomwe amasiya pamanda a mwini wake. Kalilu anagwada n'kuinyamula. Udzu wa pansi pake unali wobiriwira. Kapuyo sinakhalitsepo.

Masana kamera inapezeka ndi msodzi wina, Bakari.

"Ndaitola m'tchire pochokera kunyanja, bwana. Kubisa ndavomera, koma kupha ayi."

Anzake asanu anati anali naye m'bwato mpaka 7 koloko. Kalilu anamumasula.

Nthawi ili 2:15, Memory, mlongo wake wa malemu, anafika kupolisi maso ali psuu.

"Achimwene anali ovuta pa ntchito," anatero. "Amati tchalitchi chikhale chakumbali, ndipo kutsogolo kukhale kanthu kokopa diso. Anajambulako Lachiwiri, koma anati dzuwa lamasana lapha mtundu wa njerwa. Ndiye anabwererako lero m'mamawa."

"Kanthu kokopa diso kakasowa?"

"Amakabweretsa okha."

Kalilu anayatsa kamera. Zithunzi makumi anayi za Lachiwiri zinali ndi kapu ndi mtanda pakhoma paja. Koma choyamba, cha 11:05, chinali chakuda ndi chokhota. Mmenemo kapuyo inali pamthunzi, pakati pa mkuyu ndi chulu. Atachikuza anawerenga dzina pamtanda: ESITERE.

Anachisindikiza n'kuchiika m'thumba.

Mwamuna wa Esitere anali Fidelis Nkhoma, nkhalamba yosesa m'tchalitchimo. Kalilu anawapeza pakhonde nthawi ili 4 koloko, ndodo ili pamiyendo, maso atayera ndi ng'ala. Malaya awo anali ong'ambika paphewa.

"Wawa, bambo. Ndine wapolisi."

"Mwachedwa," inatero nkhalambayo. "Khalani pansi."

Kalilu sanafulumire. Nayenso anaika mkazi zaka zisanu zapitazo.

"Madzi osefukira aja anasalaza mitumbira yonse," anayamba a Fidelis. "Ndinali ndikuonako pang'ono nthawi imeneyo. Ndinazikanso mtanda, n'kuikapo kapu yomwe mayi ankamwera tiyi. Maso atatha, ndimayenda ndi ndodoyi. Ikagunda kapu, imalira. Ndiye ndimati, mayi, ndabwera."

"Lachitatu munapitako?"

"Tsiku lonse. Sinalire."

"Nanga lero?"

"Ndinalawira kukafunanso. Ndinamva kamakina kakuti tcha, tcha, kukhoma. Ndodo inagunda kapu pomwepo, pamalo popanda munthu. Ndinati, mwananga, kandisonyeze pomwe unazichotsa. Sanali wachipongwe ayi. Anandigwira dzanja, tinazungulira. Kenako akuti, 'Agogo, ndi cha apa, kapena cha uko. Ponse m'pamanda pomwe. Kuja kunali mdima, chithunzi sichimatuluka.'"

A Fidelis anagunditsa ndodo pansi.

"Zaka makumi anayi ndi mkazi mmodzi, akuti cha apa kapena cha uko. Ndinamugwira malaya, iye n'kugwira anga. Ndinamukankha. Ndinamva mutu ukugunda simenti. Ndinamuitana katatu, osayankha. Kamakinako ndinakataya m'tchire. Ndapha mwana wa eni, bwana. Lembani."

Kalilu analemba. Kenako anatulutsa chithunzi chija n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Chinali m'kamera m'mawa uja, pachifuwa pa mnyamatayo, pamene awiriwo amazungulira.

"Dzukani, bambo."

Kalilu anapempha chilolezo kwa adzukulu okumba manda, n'kulowa m'manda atawagwira mkono. Anaima pomwe mkuyu umaoneka kumanzere, chulu kumanja, monga m'chithunzimo. Anakanda masamba ndi phazi. Panali kabowo ka mtanda, ndi kamalo kozungulira kopanda udzu.

Mtanda ndi kapu zinali umboni wa kukhoti. Kalilu anadziwa zimenezo. Komabe anakazitenga pakhoma paja, anazijambula, n'kuzibwezera pamanda a Esitere.

A Fidelis anatambasula ndodo. Kapu inalira.

"Mayi, ndabwera," anatero chapansipansi. "Koma ndichokapo. Sindidziwa ngati ndidzabweranso."

Unyolo unali m'thumba. Kalilu sanautulutse. Anawagwira dzanja mpaka kugalimoto, pomwe Memory, yemwe anabwera pambuyo kuchokera kupolisi, anali ataima, akudikira kumva yemwe wapha mchimwene wake.