Mapu a M'dengu la Matimati

Loyce anaona pepala lake lili m'manja mwa Chikomeni, mkulu wa anyamata a malaya ofiira amene ankaima pa chipata cha msika wa pa Boma la Mzimba. Masiku amenewo munthu sankalowa mumsika popanda kuonetsa khadi la chipani. A Bennet, mlongo wawo wa amayi a Loyce, khadi anali nalo, ndipo anali ataonetsa kale. Koma mmodzi wa anyamatawo anapisa dzanja m'dengu lawo kuti atapeko matimati aulere, ndipo pansi pa dengulo anakhudza pepala lopindapinda.

Pepalalo linali mapu, ndipo anajambula ndi Loyce.

Loyce anali mu Sitandade 7. Chaka chimenecho anapeka masewera amene anatenga mitima ya anzake. Akaweruka ankazungulira thebulo la m'kalasi, aliyense ndi chivindikiro chake cha botolo. Wina ankakhala mlenje, wina wosula mikondo, wina mwana wamkazi wa mfumu. Ankagubuduza pensulo yolembedwa manambala m'mbali mwake kuti aone ngati munthu waoloka mtsinje kapena wagwidwa ndi chimphona. Wofotokoza nkhani anali Loyce, ndipo mapu a chuma chobisika ankajambula yekha.

Mapu atsopanowa anawakongoletsa kuposa onse. Anatengera Boma lenilenilo: mlatho, msika, positi ofesi ndi maofesi a boma. Pa maofesipo analembapo kuti "Linga la adani." Pafupi ndi mlatho anaika mtanda wofiira ndi mawu akuti "Zobisika zili pano." M'munsi analemba kuti, "Mfumu yokalamba ikagwa, zonse nzathu." Amayi ake anali atamuletsa masewerawo chifukwa ankafika kunyumba mochedwa, nchifukwa chake dzulo lake anabisa mapuwo m'dengu, n'kuiwala.

Chikomeni anawerenga mawuwo mokweza, pang'onopang'ono. Atafika pa mfumu yokalamba, phokoso la pa chipata linazima. Amayi ogulitsa nyemba anayamba kukokera malichero awo kutali.

"Mfumu yokalamba imeneyi ndi yani, bambo?" anafunsa Chikomeni. "Si inu mwangobwera kumene kuchokera ku Zambia? Akutumani ndani kudzajambula maofesi athu? Mfuti mwakwirira pa mlatho, eti?"

A Bennet anayang'ana pepalalo. Zilembo za mwana wa mlongo wawoyo ankazidziwa bwino, poti ndiwo ankamuonera makope ake. Anacheuka n'kumuyang'ana kamodzi kokha.

"Luta kukaya," anatero m'Chitumbuka motsitsa mawu, kumuuza kuti apite kunyumba. Kenako anauza Chikomeni kuti, "Mwanayu wangondiperekeza. Msiyeni azipita."

Loyce anafuna kunena kuti mapuwo ndi ake, koma anachita mantha. Anatembenuka n'kuyamba kuyenda. Asanafike patali anamva khofi likulira kumbuyo kwake, kenako lina. Sanacheuke. Anathamanga mpaka kuseri kwa kanyumba ka okonza njinga, n'kunjuta pamenepo.

Amuna awiri amene ankamata chubu ankanong'onezana, osadziwa kuti kuseri kuli munthu.

"Atuma mnyamata kukaitana galimoto," anatero wina.

"Mbwenu basi, watha munthu uja. Wa kwathu uja anamutenga chaka chatha, mpaka lero mkazi wake sadziwa kumene ali."

Loyce anatseka makutu ndi manja. Anaganiza zothawira kunyumba n'kukhala chete. Palibe amene akanadziwa, ndipo a Bennet sakanamutchula ngakhale atawamenya chotani. Koma ganizo lomwelo ndi limene linamuwawa kwambiri. Anaimirira, anakhalanso pansi, kenako anaimiriranso n'kubwerera ku chipata.

Anapeza a Bennet atawakhazika pa dothi, nsapato atawavula, mlomo ukutuluka magazi.

"Ndinajambula ndine," anatero Loyce. Mawu anatuluka aang'ono ngati a mwanapiye, moti palibe anamva. Kenako anakuwa. "Mapuwo ndi anga! Asibweni sakudziwapo kanthu!"

"Loyce, khala chete!" anatero a Bennet.

Chikomeni anamuyandikira mpaka Loyce anamva fungo la fodya m'malaya mwake. "Iwe mwana, ukudziwa kumene amapita anthu onama pa nkhani ngati iyi?"

"Sindikunama. Ndi masewera. Mfumuyo ndi ya zimphona, ili ndi diso limodzi, imakhala m'phanga. Ndinangoipeka."

"Nanga zobisika pa mlatho?"

"Ndi chitini. Ndinakwirira ndekha kuti amene apambane akafukule tikamatsekera sukulu."

Chikomeni analamula kuti abwereke khasu. "Tiyeni. Tikapeza chitini, chabwino. Tikapanda kupeza, galimoto itenga anthu awiri."

Ulendo wa ku mlatho unali waufupi, koma kwa Loyce unatalika ngati wopita ku Kasungu wapansi. Anthu ankawatsatira chapatali. A Bennet ankayenda opanda nsapato pakati pa anyamata awiri. Atafika, Loyce analoza pansi pa mtengo wa mkuyu, ndipo mnyamata wina anayamba kukumba.

Khasu linalowa, dothi linatuluka, koma chitini osaoneka. Anakumbanso. Munali mizu ndi miyala basi. Loyce anasuzumira m'dzenjemo. Mvula inali itagwa yambiri chikwirire chitinicho, ndipo anyamata oweta ng'ombe ankakonda kusewera pamenepo. Bwanji ngati anachifukula kale?

"Chili kuti?" anafunsa Chikomeni.

"Ndapota, dikirani pang'ono," anatero Loyce misozi ili chuchuchu. Anagwada n'kuyang'ana mtengowo bwinobwino. Tsiku lokwirira anatsamira muzu waukulu, mtsinje uli kumanja kwake. Anakwawira mbali ina ya muzuwo n'kuyamba kufukula ndi manja. Chikhadabo chinathyoka koma sanamve kuwawa. Anafukulabe mpaka zala zinakhudza chinthu chozizira.

Chinali chitini cha mkaka chadzimbiri. Chikomeni anachilanda, anachitsegula ndi mpeni, n'kukhuthulira pansi. Munatuluka magalasi osweka a botolo lobiriwira, mabatani, mikanda ya amayi a Loyce yoduka ndi nthenga za nkhanga.

Munthu wina m'gulu muja anaseka, koma anasandutsa msanga chisekocho kukhala chifuwa. Nkhope ya Chikomeni inachita mdima. Anaponda mikandayo ndi nsapato, anang'amba mapu aja tizidutswatizidutswa n'kuponya mumtsinje.

"Ndikadzamvanso kuti ukulemba za mafumu, udzandidziwa," anatero. Kenako anatembenukira kwa a Bennet. "Inu, maso athu ali pa inu. Chokani."

Nsapato anawabwezera, koma dengu la matimati linatsala pa chipata, ndipo palibe anayerekeza kukalifunsa.

Pobwerera kumudzi a Bennet ankayenda motsimphina. Tsaya lawo linali litatupa mpaka diso kutsekeka, ndipo pena ankaima kulavula magazi. Loyce ankayenda pambuyo pawo akusisima.

"Asibweni, pepani chomene. Ndikanalankhula poyamba paja sakanakumenyani."

"Ndinakuuza ndine kuti upite," anayankha. Anayenda pang'ono, kenako anaima n'kumugwira paphewa. "Koma wabwerera. Akuluakulu ambiri sakanabwerera. Yewo, mwana wa mlongo wanga."

Atafika pakhomo anapeza amayi a Loyce akusenda chinangwa pakhonde. Ataona nkhope ya mlongo wawo, mpeni unagwa m'manja.

"A Bennet! Chachitika nchiyani? Dengu lili kuti?"

A Bennet anayang'ana Loyce, amene nkhope yake inali itatuwa ndi mantha, ndipo anayesa kumwetulira. "Palibe kanthu, mlongo. Ndinagwa pa chitunda cha ku mlatho, matimati onse n'kuphwanyika."

Loyce anayang'ana zala zake zodzaza dothi ndi magazi. Ankadziwa mkwiyo wa amayi ake. Komabe anasendera kutsogolo.

"Ayi, amama, sanagwe," anatero. "Khalani pansi ndikuuzeni zonse."