Botolo la M'phukusi Lothawira

Carlota anapisa dzanja mumtsuko wa madzi napapasa mpaka pansi, koma botolo munalibe. Anasuzumira kuseri kwa mtsukowo, anatukula mphasa, anafufuza ngakhale mudengu la chinangwa. Dzuwa linali paliwombo, nthawi yomwetsa mlongo wake Augustino mankhwala.

Masiku atatu m'mbuyomo, mwana wa zaka ziwiriyo ankapuma mobanika, thupi lili moto. Amayi awo anali atakwera ku Maniamba kukasinthanitsa usipa wouma ndi chimanga, ndipo m'masiku ankhondo amenewo wapaulendo sankalonjeza tsiku lobwerera. Choncho Carlota, mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi, ndiye anabereka mwanayo kupita naye kwa anamwino a Rosália. Mwamwayi, bwato lochokera ku Likoma linali litangofika kumene ku Msumba ndi katoni ya mankhwala.

Anamwinowo anathira madzi owiritsa, ozizira, m'botolo la mankhwala a ufa mpaka pamzere, nalikhutchumula.

"Sharope ameneyu ndi wa Augustino yekha," anatero. "Kasupuni aka katatu pa tsiku, masiku asanu. Uzikhutchumula usanathire, ndipo botolo lizikhala pozizira. Ngakhale ayambe kuthamanga, usalekeze panjira. Wamva?"

Kunyumba kunalibe wotchi. Carlota anadula ulusi wosokera ukonde namanga mfundo khumi ndi zisanu. Ankamwetsa mwanayo mabwato akamabwera m'mamawa, chithunzithunzi chikafika kumapazi, ndiponso nkhuku zikamalowa, ndipo nthawi iliyonse ankamasula mfundo imodzi. Tsopano zinali zitatsala zisanu, koma botolo linali litasowa.

Anatuluka panja. Atate ake, a Eusébio, ankasoka ukonde pansi pa mtengo wa mango, uku Augustino akupirikitsa abakha, akuseka. Carlota anagwada chapatali.

"Atate, sharope wa mwana sindikumuona."

"Ndamuika m'phukusi," anayankha osatukula mutu.

Nyumba iliyonse ku Msumba inali ndi phukusi lake pafupi ndi chitseko: bulangete, mchere, machesi, kapoto ndi makalata a ubatizo. Mfuti zikamveka kuphiri, munthu ankangonyamula n'kuthawa. Chilichonse chabwino chinkathera m'phukusimo.

"Koma anamwino anati..."

"Anamwino adzakhala nafe kutchire? Taona mwanayo, abakha akumuthawa. Wachira. Zotsalazo zidzatithandiza tsiku loipa."

Carlota anadziwa kuti atate ake sankalankhula mwankhanza. Chaka chatha banja lonse linagona m'bango masiku anayi likubisala, opanda ngakhale mbulu umodzi wa mankhwala. Komabe m'mamawa womwewo, pomusambitsa Augustino, anali atamva kachifuwa kakulirabe m'kati ngati kamphaka. Kutsutsana ndi kholo sakanatha. Anangotambasula ulusi uja ndi manja awiri.

"Mfundo zatsala zisanu, atate."

"Zisanu si zambiri. Uusunge bwino, ulusiwo ndikuufuna."

Nthawi yomweyo panafika azakhali a Lea, mlongo wawo wamkulu wa a Eusébio, atasenza lichero la ufa wa kondowole. Iwowa nkhani sinkawadutsa.

"Mwagwadiranji dzuwa lonseli, amayi aang'ono?" anafunsa moseka. Atamva nkhaniyo anawomba m'manja. "Eusébio wakhoza! Ine ndinachita chimodzimodzi ndi wa Zakariya wanga dzinja lija. Anamwa masiku awiri, wotsalayo ndinabisa. Alipo mpaka lero. Dikirani ndikuonetseni, inu ana a sukulu muphunzire kusunga."

Anathamangira kunyumba kwawo, kuseri kwa mpanda, nabwera ndi botolo lokulungidwa m'kansalu. Analikweza m'mwamba monyadira, nalikhutchumula. M'katimo simunagwedezeke kanthu. Pansi panali chinthu cholimba ngati dongo, pamwamba timadzi tachikasu ndi nkhungu yakuda. Atatsegula chitsekerero, onse atatu anabweza nkhope. Fungo lake linaposa la madzi oviikamo chinangwa.

"Mayo ine!" anafuula a Lea. "Miyezi yonseyi ndakhala ndikuthawa nazo kutchire zimenezi? Ndinasiya chikwanje kuti botololi likwane!"

Anaseka mpaka misozi, Carlota nayenso analephera kudzigwira. Koma a Eusébio sanaseke. Anaika pansi singano yosokera ukonde.

"Achemwali," anatero pang'onopang'ono, "Zakariya uja sanadwalenso?"

"Anadwala, patapita milungu iwiri. Si ndiwe unamupalasira ku Likoma?"

"Ndine. Mwera ukuomba, madzi akulowa m'bwato, mwana ali lefu m'manja mwanu."

A Lea anasiya kuseka. Anayang'ana botolo lawo, kenako anayang'ana Augustino, amene tsopano anakhala pamchenga, akutsokomola pang'ono.

A Eusébio anadzuka nalowa m'nyumba. Carlota anamva phukusi likumasulidwa, kapoto kakugubuduka pansi. Atate akewo anatuluka ndi botolo ndi kasupuni.

"Amatani kaye? Amakhutchumula?"

"Inde, atate. Kwambiri."

Anakhutchumula ngati akuimba chisekese, mpaka Augustino anabwera yekha kudzaona. Carlota anamukhazika pamiyendo, mutu uli chilili, nathira mankhwala kudzaza kasupuni ndendende. Anamumwetsa pang'onopang'ono cham'mbali mwa tsaya kuti asalavule. Mwanayo anakwinya nkhope, anameza, kenako anatambasula dzanja kufuna ena.

"Wakuba uyu!" anatero a Lea. "Watengera atate ake."

Carlota anamasula mfundo imodzi nabwezera botolo mumtsuko.

Tsiku lotsatira, nkhuku zikulowa, panatsala mfundo imodzi yokha. Augustino atameza, a Eusébio anapempha ulusiwo namasula okha mfundo yomalizayo ndi zala zawo zokhakhala. Kenako anagunditsa khutu pachifuwa cha mwanayo, namvetsera nthawi yaitali. Kamphaka kaja kanali katachoka.

M'mawa mwake Carlota anatsuka botolo lija naliyanika padenga. Litauma, atate ake anathiramo machesi, natseka zolimba kuti asadzanyowe, naliika pakati pa bulangete. Ulusi uja anasokera chiboo cha ukonde.

"Amayi ako akabwera," anatero akumanga phukusi, "udzawauze kuti botolo ndinasunga ndine."

"Nanga mankhwala, atate?"

A Eusébio analoza ndi mlomo kubwalo, kumene abakha ankathawanso, akulira, Augustino ali pambuyo pawo.

"Awo unasunga ndiwe. Si awo akuthamangawo?"