Machira a Kamdambo

M'masiku amene ankhondo olanda otchedwa Mazitu ankatentha nkhokwe kutsidya kwa Bua, Mfumu Kapachika anamanga linga patsinde pa phiri. Mkulu wa ankhondo ake anali Kamdambo, mkamwini pamudzipo, amene analasidwa mkondo m'nthiti poteteza chipata. Bala linakana mankhwala onse, ndipo mkazi wake Nangondo anaona yekha kuti mwamunayo akupita.

Abale a Kamdambo anabwera ndi machira kuti amunyamule, ulendo wa masiku atatu, akafere kwawo monga mwa mwambo. Nkhani inakambidwa pabwalo tsiku lonse. Akuluakulu aja, odziwa kulankhula, anaiwala chinthu chimodzi chokha: mwini wake wa imfayo anali akadapuma.

Mlongo wake wa wodwalayo, Nankhoma, anati: "Mfumu, munthu ndi wathu. Akafera kuno tidzati chiyani kwa mbumba? Tidzati mkazi wamudya."

Nangondo anachita mantha, pakuti mawu otere ankathamangitsa munthu pamudzi. Komabe anagwada nati: "Mfumu, ine ndiye ndimamutembenuza ndi kumutsuka bala. Panjira safika ngakhale pamtsinje. Koma musamvere ine, musamverenso alamu anga. Tiyeni tikamufunse."

Ena anang'ung'udza kuti bwalo silipita kwa wodwala. Mfumu inangonyamuka, ndipo onse anatsatira, nakapanikizana m'kanyumba kofuka utsi.

Kamdambo anamvetsera mbali zonse, kenaka analankhula mopumira: "Mlongo wanga, kwathu ndikukufuna, koma sindifuna kufera patchire ngati nyama. Machirawo abwerere, akatenge amayi. Iwe tsala, uzindimwetsa phala. Bala azitsuka mkazi wanga, dzanja lake ndalizolowera. Ndikapita, mafupa anga mudzagwirizane nokha."

Nankhoma analira, chifukwa anabwera wokonzekera ndewu, osati ntchito. Anapempha chimodzi, kuti maliro akaikidwe kwawo, ndipo Nangondo anavomera ngakhale zinamuwawa.

Machira anabwerako tsiku lachisanu ndi chimodzi atanyamula nkhalamba. Kamdambo anamwalira mawa lake dzuwa lili paliwombo, mutu uli pamiyendo ya amayi ake, akazi awiri aja atamugwira manja. Pamaliro wina atayamba kunong'ona za ufiti, Nankhoma ndiye anamudzudzula: "Ndinalipo ine. Tsekani pakamwa."

Zidzukulu za a Kapachika zimati kuyambira pamenepo, nkhani ya munthu wodwala kwambiri amaikambira pamphasa pake, iye akumva, ndipo woyamba kufunsidwa amakhala iyeyo.