Kuwala Kodutsa M'fumbi

Delia anapukutanso nsonga ya waya wa faiba, wodutsitsa kuwala, ndi kansalu, koma kadontho kofiira ka kuwala kwa tochi ya leza sikanatulukebe kumapeto kwake. Chionetsero cha sayansi cha masukulu a ku Mambwe chinali Lachisanu, ndipo iye anali atalonjeza kuonetsa mmene kuwala kumadumphira kuchoka mu waya wina kulowa mu unzake.

Zidutswa ziwiri za wayayo anam'patsa ndi mchimwene wake Evans, amene ankagwira ntchito yolumikiza intaneti cha ku bwalo la ndege la Mfuwe. Kanjira ka kuwala mkati mwake kanali kopyapyala ngati tsitsi, moti fumbi la Okutobala likangotera pansonga, kankatsekeka.

"Kuwalako ukukulitse kaye," anatero Evans ataimbiridwa foni. "Pakati pa mawayawo uikepo malenzi awiri. Yoyamba ikutambasule, yachiwiri ikusonkhanitsenso. Kukakhala kotakata, kafumbi kamangophimba pang'ono, kotsalako kumadutsa."

Malenzi otere anali nawo ndi Purity wa m'kalasi mwake, ochokera mu mabainokyula othyoka a bambo a Purityyo, omwe ankaperekeza alendo kukaona nyama ku Nkwali. Koma Purity yemweyo ndi amene Delia anamukaniza kulowa nawo m'ntchitoyi, pofuna kuti pamaso pa oweruza akaime yekha.

Masana Delia anam'peza Purity pansi pa mtengo wa mango akusenda mtedza.

"Mwaswera bwanji, a Purity?"

"Lero ndakhala 'a Purity'?" anaseka mnzakeyo. "Nena chimene wadzera."

Delia anafotokoza zonse osabisa, ngakhale chifukwa chimene anamukanira. Purity anasansa makoko pa siketi n'kunyamuka.

M'kalasi anamata malenziwo pa thabwa, pakati pa mawaya awiri aja. Delia anagwira tochi ya leza, Purity akusuntha lenzi pang'onopang'ono ndi chikhadabo. Zinawakanika kangapo, thukuta lili kamukamu, mpaka kadontho kofiira kanayaka kumapeto kwa waya wachiwiri.

Purity anatenga chofufutira bolodi n'kuchigogoda pamwamba pa malenziwo. Fumbi la choko linatera ponseponse. Kadonthoko kanazirala pang'ono, koma sikanazime.

Delia anapumira m'mwamba. "Lachisanu za malenzi ukafotokoze ndiwe. Ine ndikagwira tochi."

"Bola usakanjenjemere ngati lero," anatero Purity, akum'gawira mtedza.